Mpando wa Pafupi ndi Khitchini ku Florence

1991, Oldbury

Tadala ndi Yamikani, ana anga, za ubwana wanga ku Balaka sindilemba, amayi anu amazifotokoza bwino kuposa ine ngakhale kuti sanazione. Chofunika kudziwa n'chakuti ndinakulira pa mishoni ya ansembe a ku Italy, ndipo pomaliza Fomu 4 n'kuti ndikulankhula Chitaliyana ngati mwana wa m'nyumba mwawo. Ku Birmingham ndinabwera pa sikolashipu kudzaphunzira kayendetsedwe ka mahotela ndi zokopa alendo. Nditamaliza ndinafunsira ntchito paliponse, ndipo paliponse anandikana mwaulemu. Digiri sinandipezere ntchito. Chimene chinandipezera ntchito n'Chitaliyana cha ansembe aja.

Kampani yake inali ya mabasi otengera anthu kokacheza kunja, ambiri mwa iwo nkhalamba zopuma pa ntchito za ku Tipton, ku Oldbury ndi madera oyandikira. Ofesi inali pamwamba pa galaja, moti pofika madzulo jekete langa linkanunkha dizilo ngati ndine makaniko. Mwini wake anali a Hadley, bambo wamfupi wa nkhope yofiira, amene anayamba ndi basi imodzi ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Tsiku loyamba anayang'ana dzina langa papepala n'kuseka.

"Fabiano n'lalitali kwambiri. Pano uzikhala Fab. Za ku yunivesite zisiye pakhomo, ine ndikufuna munthu woti azikangana ndi Ataliyana pa foni."

Chingerezi chilibe iwe ndi inu, koma khutu langa linkamva iwe nthawi zonse a Hadley akamandilankhula. Anandikonzera pemiti yogwirira ntchito, ndipo pa chimenecho ndinawathokoza ndi mtima wonse. Panthawiyo sindinamvetse kuti pepala lolembedwa m'dzina la kampani ndi chingwe cha m'khosi: ntchito ikatha, nacho chilolezo chokhala m'dziko muno chatha. Zaka ziwiri ndinakhala pa foni, kupempha zipinda m'mahotela a mizinda imene ndinali ndisanaionepo, uku a Hadley ataima kumbuyo kwanga akukuwa kuti ndiwauze achotsereko mtengo.

1993, Florence

Wotsogolera alendo wa maulendo a ku Italy atasiya ntchito mwadzidzidzi, panalibe wina woti n'kumutuma. Umu ndi mmene ndinakwerera basi. Dalaivala anali Keith wa ku Tipton, munthu wosalankhulalankhula, wokonda tiyi wa shuga wambiri. Mabasi athu anali okalamba. Makina oziziritsa m'basi ankagwira ntchito tikakhala ku England, kumene sankafunika, n'kufa tikangowoloka mapiri kulowa m'dzuwa la ku Italy. Hotela imene a Hadley ankasankha inali kutali ndi mzinda chifukwa kunali kotchipa, ndiye m'mawa uliwonse tinkayenda ulendo wina kuti tikafike ku Florence, kumene eni ake amati Firenze.

Sindikufuna kuti mkwiyo wanga ukunamizeni: mzinda umenewu ndinaukonda tsiku loyamba. Nditakhota m'kamsewu kena kopanikiza n'kuona tchalitchi chachikulu cha mumzindawo cha miyala yoyera, yobiriwira ndi yofiirira, denga lake lozungulira litatseka thambo, ndinaima kukamwa yasa, mpaka Keith anandigunda kuti anthu akudikira. Alendo akapita kokagula zinthu, ine ndinkayenda ndekha, kufunsa ogulitsa nyuzipepala ndi amayi a mu msika kuti iwowo amadyera kuti. Ku msika ndiko ndinapeza kangolo kogulitsa zam'mimba za ng'ombe zowiritsa, zoika m'kati mwa bani ndi tsabola. Ndinadya chiimire pakati pa anthu omanga nyumba, msuzi ukuyenderera m'zala, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere kwathu ndinakhuta mpaka mu mtima.

Zimene ndinaphunzira ndinkawauza alendo anga pa maikolofoni. Mukaona lesitilanti yoika zithunzi za chakudya pakhomo, munthu ataima panja kukukodolani, pitirirani. Wolokani mtsinje wa Arno, mulowe momwe akulowa anthu ovala zantchito. Khofi mwerani chiimire pa kauntala, mukangokhala pampando mtengo wasintha. Buledi wawo alibe mchere, musadandaule, mchere uli m'ndiwo. M'tchalitchi simulowa mapewa ali pamtunda. Nyumba zosungiramo zithunzi zakale zambiri amatseka Lolemba, ndipo masiku enawo lawirirani mzere usanatalike. Chikwama chikhale pamimba, osati kumsana. Ndipo amene miyendo ikumulola akwere ku tchalitchi cha San Miniato, tsidya la mtsinje, akaone mzinda wonse uli pansi pake, milatho itandandalika pamadzi.

Ambiri ankandithokoza potsika. Koma a Hadley sankamvera othokoza. Chilimwe chitatha anandiitana n'kutseka chitseko.

"Fab, ntchito ukuitha, palibe akukana. Koma makasitomala athu ndi anthu akale. Ena akuti sakumva kalankhulidwe kako."

"Ndani ameneyo, bwana? Ndikhoza kumalankhula pang'onopang'ono."

"Usandivutitse, ukudziwa chimene ndikunena. Munthu wasunga ndalama chaka chonse kuti akaone Italy, sayembekezera kuti akamuonetse ndi munthu wa ku Africa. Si ine, ndi bizinesi."

Chaka chotsatira anabweretsa Julie, mtsikana wansangala amene kale ankagulitsa matikiti. Iye ndiye ankagwira maikolofoni ndi ambulera yofiira yotsogolera gulu. Ine ndinkakhala pa kampando kopinda pafupi ndi chitseko, kumunong'oneza mayina a matchalitchi, kutsitsa masutikesi ndi kumasulira pakavuta. M'kabuku kotsatsira maulendo malangizo anga aja anawasindikiza onse, pamwamba pake chithunzi cha Julie akumwetulira.

1994 ndi 1995

Chimene chinkandiwawa n'chakuti malangizowo kampani yomweyo sinkawatsata. A Hadley anapangana ndi lesitilanti ina yaikulu pafupi ndi siteshoni ya sitima, ya zithunzi pakhomo ndi munthu wokodola. Gulu lililonse linkadya kumeneko masana: pasita wolobodoka, chakudya chawo chonga supageti, kenako nkhuku ndi tchipisi. Julie ndi Keith ankakhala patebulo la pawindo. Ine mwini lesitilantiyo anandigwira pamkono tsiku loyamba n'kundilondolera kumpando wina m'kanjira kolowera kukhitchini, pakati pa makatoni a madzi.

"Kuno n'kozizira bwino," anatero m'Chitaliyana, osandiyang'ana. "Ndiponso ndili ndi alendo ena."

Ndinawauza a Hadley. Anandifunsa ngati chakudya chimene ankandipatsa chinali chosiyana ndi cha ena. Ndinati ayi. Anati ndiye vuto lili pati. Keith anayesapo kamodzi kunyamula mbale yake kudzakhala nane, koma m'kanjiramo munalibe malo a anthu awiri, operekera zakudya ankangomugunda, ndipo sanabwerezenso.

Pampando umenewo ndi pamene ndinadziwana ndi a Ousmane, bambo wa ku Senegal wa imvi m'ndevu, amene ankatsuka mapoto ndi kusenda mbatata. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri. Tinkalankhulana m'Chitaliyana, iwo atatembenukira kusinki kuti abwana awo asaone kuti tikucheza. Anandiuza kuti kwawo anali telala, kuti mkazi ndi ana ali kumudzi, ndiponso kuti mapepala okhalira m'dzikomo analibe. Ankanditchula m'bale. Nthawi zina ankandiikira pichesi pambali pa mbale yanga.

Kuno ku Birmingham palibe ankadziwa za mpandowo, ngakhale amayi anu. Tinkapemphera ndi Amalawi anzathu ndi a ku Zambia m'holo ina ku Nechells, ndipo kumeneko ndinali munthu wamkulu. Ankanditchula bambo a ku Italy. Ana a sukulu obwera kumene ankandizungulira pa tiyi kufunsa kuti ntchito yodya bwino chonchi imapezeka bwanji. Ine ndinkangoseka, n'kuwagawira mabisiketi a ku Florence.

Julaye 1996

Tsiku limenelo kunatentha moti phula linkamata ku nsapato. M'mawa tinazungulira tchalitchi chachikulu, ndipo pofika masana nkhalamba zanga zinali zitatopa, zanjala, zikufuna mpando ndi madzi. M'gulumo munali mayi Whitehouse a ku Tipton, mayi wa mawu okwera, ndi amuna awo oyendera ndodo. Onse atakhala pansi ndinapita pampando wanga. Ndisanakhale n'komwe, fungo linandipeza. A Ousmane anabwera ndi ndowa ngati akudutsa, n'kuima pafupi nane.

"M'bale, lero usadye nkhuku. Firiji yaikulu inafa dzulo m'mawa. Andiuza kuti nditsuke nkhukuyo ndi viniga, ophika athire adyo wambiri."

Ndinasuzumira m'khitchini. M'beseni lalikulu munali nthuli za nkhuku zotuwa, zina zobiriwirira m'mphepete, zoterera. Ndine mwana wa kumudzi, nyama yoola sindichita kuuzidwa. Ndinapita kwa mwini lesitilanti n'kumupempha kuti awapatse pasita yekha ndi tchizi. Anandiyankha kuti khitchini ndi yake, nkhuku yalowa kale mu uvuni, ndipo ngati ndili ndi mawu ndikawauze abwana anga. Ndinakaitana Julie. Anafika pakhomo la khitchini, anagwira mphuno, nkhope inasintha.

"Fab, ine mutu ukundipweteka. Chita chimene ukuona kuti n'chabwino." Anandipatsira ambulera yofiira ija m'manja.

Ndinathamangira ku foni ya pamsewu kuimbira a Hadley. Anandimvetsera pang'ono chabe.

"Ndiwe dokotala? Moto umapha chilichonse. Anthuwo adye pomwepo. Ukawatulutsa, pangano langa ndi munthu ameneyo latha, ndipo iwe ukudziwa kuti pemiti yako ikutha liti."

Ndinaima m'kanyumba ka foni kaja thukuta likutsika m'miyendo. Tadala, iwe unali ndi zaka zinayi. Yamikani, iwe unali m'mimba. Amayi anu anali atangomaliza kumene maphunziro a unesi. Ndinaganiza zobwerera pampando wanga, kunena kuti sindikumva njala, n'kusiya zonse m'manja mwa Mulungu. Mwina sakanadwala. Koma ndinali nditawaona m'mawa uliwonse akumeza mapilitsi a mtima ndi a shuga, ndipo ulendo wobwerera unali wa masiku awiri m'basi yotentha. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo a Ousmane anali ataika ntchito yawo pachiswe kuti anditsine. Ndinalowa, ndinakweza ambulera, ndinalankhula mokweza kuti nkhuku ya lero yawonongeka, aliyense anyamuke anditsate.

Panali phokoso. Mwini lesitilanti anatitsatira mpaka pamsewu akutukwana. Keith anaimirira woyamba n'kugwira bambo Whitehouse pamkono. Tinayenda pang'onopang'ono, tikutsata mthunzi wa nyumba, mpaka tinawoloka mtsinje. Tsidya linalo ndinkadziwa kanyumba kodyera ka mayi wina wamasiye, kumene ndinkadya ndikakhala ndekha. Atationa anagwira mutu. Analibe nyama yokwanira gulu lotero, mipando nayo inali yochepa, moti ena anakhala pa masitepe a tchalitchi choyandikana. Anatipatsa chimene chinalipo: buledi wogona wophikidwa ndi matimati, adyo ndi mafuta a olivi, chakudya chimene anthu a mumzindawo amanyadira, ndi nyemba zoyera pambali. Ndinalipira ndi ndalama za kampani zosungira zadzidzidzi.

Ena anadya n'kupempha china. Koma mayi Whitehouse anakankha mbale.

"Ife tinalipira nkhuku. Mwayendetsa mwamuna wanga wolumala padzuwa kuti adzadye phala la mwana? Mayi ameneyu wakupatsani zingati?"

Ndinawafotokozeranso. Anati iwo fungo sanalimve. Inde sanalimve, iwo anali pawindo.

Ogasiti 1996, Oldbury

Palibe anadwala, ndipo umenewo ndiwo unakhala mlandu wanga. A Hadley anatiitana atatu tonse, ine, Julie ndi Keith, mu ofesi. Madandaulo a makasitomala anali atafika kale, ndipo mwini lesitilanti anali ataimba kunena kuti ndamuipitsira mbiri, kuti nkhuku yomweyo anadyetsa gulu lina ndipo palibe anadandaula. Kaya anaitaya, kaya anadyetsadi ena amene anakadwalira kutsogolo kwa ulendo wawo, sindikudziwa mpaka lero.

"Wadwala ndani?" anandifunsa a Hadley.

"Palibe, bwana, chifukwa sanadye."

"Ndiye umboni wako uli kuti? Julie, unaiona nkhukuyo?"

Julie anayang'ana zikhadabo zake. "Ine m'khitchini sindinalowemo."

Sananame. Anaima pakhomo. Keith anati iye ndi dalaivala, za khitchini sakuzidziwa, koma Fab si munthu wabodza. A Hadley anawatulutsa awiriwo n'kutsitsa mawu.

"Mnzanga wa ku Florence akuti pali wantchito wake amene anakuuza zimenezi. Akufuna dzina. Undipatse dzinalo, ine ndimupatse, iye akhazike mtima pansi, pangano lipitirire. Tidzati unanamizidwa. Pemiti yako ndisayina sabata yamawa. Apo ayi, usabwerenso."

Kunyumba ndinawauza amayi anu zonse, kuyambira pa mpando uja. Anali akusita yunifolomu. Anaika simbi pansi.

"Zaka zonsezi mumadyera m'kanjira, bambo a Tadala, n'kumabwera kuno ndi mabisiketi?"

Anatembenuza yunifolomu ija n'kufunsanso.

"Munthu wanuyo ali ndi mapepala?"

"Alibe. Akangomutchula, si ntchito yokha. Akhoza kumuitanira apolisi."

"Nanga athuwa?" Analoza mimba yawo. "Inu mwaganiza kale. Mukungofuna ndivomere kuti tikamavutika muzidzati tinagwirizana."

Sanandilankhule masiku angapo. Lamulungu ndinapita ku Nechells kukafuna nzeru kwa a Mwale, mkulu wa mpingo wathu, munthu wowerengera ndalama amene anali atagula kale nyumba. Anandimvetsera akutakasa tiyi.

"Achimwene, ingoperekani dzinalo. Mukuluza permit chifukwa cha munthu wa ku Senegal? Rent azikulipirirani iyeyo? Kuno n'kwa eni, timagwira ntchito mutu uli pansi. Ndiponso nkhukuyo mukanangoisiya, azungu mimba zawo n'zolimba."

Lolemba ndinakwera masitepe a pamwamba pa galaja, ndinawauza a Hadley kuti palibe anandiuza, ndinamva ndekha fungo. Anati ndisiye makiyi patebulo. Sanandigwire chanza.

1997

Chimene chinatisunga m'dziko muno ndi amayi anu. Mkwiyo uli pomwepo, anayenda m'maofesi ndi mimba yawo mpaka dzina langa linalowa pa mapepala awo a unesi. Ine amene ndinawabweretsa ku England ndinasanduka munthu wokhala m'dziko chifukwa cha mkazi wake. Tinasamukira m'kafulati kachinyontho ku Nechells. Ndinapeza ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, kulongedza zitsulo za mipope m'makatoni, ndipo a Hadley atafunsidwa za khalidwe langa anayankha kuti ndine munthu wosamvera malangizo. Makampani a maulendo amadziwana. Sindinagwirenso ambulera, ndipo ku Italy sindinapondekonso. Kutchalitchi dzina la bambo a ku Italy linatha lokha, ana a sukulu anapeza wina womuzungulira. Tadala, tsiku lina unandifunsa pa chakudya, "Daddy, did Italy close?" Amayi ako anatuluka panja.

Keith ndinakumana naye kumapeto kwa chaka, akumwa tiyi m'kakantini ka pafupi ndi ngalande ku Tipton. Anandiuza kuti gulu likudyabe pa lesitilanti yomwe ija, ndipo Julie akuwerenga malangizo anga pa maikolofoni kuchokera m'kabuku. Ndinamufunsa za bambo wa imvi wotsuka mapoto. Keith anayang'ana m'kapu.

"Mwini lesitilanti anamuchotsa sabata yomwe ija, Fab. Anachotsa akuda onse a m'khitchini, kuti asavutike n'kufufuza."

Ndiye kuti pamene ndinkakwera masitepe kukakana kutchula dzina lawo, a Ousmane anali atachotsedwa kale. A Hadley ayenera kuti ankadziwa. Sankafuna dzina, ankafuna kuona ngati ndigwade. Ndayesa zaka zambiri kupeza amene anapindula ndi kukana kwanga. Sindinamupeze. Anthu amati chilungamo chimalipira. Mwina kwa ena. Ine ndikulemba zimene ndinaona, ndipo sindikukuuzani kuti mudzachite ngati ine kapena ngati a Mwale. Ndikungofuna mudziwe chifukwa chimene munakulira m'fulati ya nkhungu pakhoma pamene bambo anu anali ndi digiri.

1998

Loweruka lina ndinali pa siteji ya basi ku Oldbury, nditavala jekete la kuntchito, manja ali ndi mabala a makatoni. Mayi wina wokalamba, wonyamula matumba a mu msika, ankangondiyang'anitsitsa. Ndinawazindikira asanalankhule. Anali mayi Whitehouse, ndipo kumbuyo kwawo amuna awo ankabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, akudya tchipisi za m'pepala.

"Ndimakudziwani inu," anatero, mawu okwera omwe aja. Anthu a pa siteji anatembenuka. "Si inu munatimana nkhuku ku Florence?"

"Ndine, mayi."

"Tinadandaula, mukudziwa. Anatibwezera ndalama za chakudyacho." Anayang'ana jekete langa kuyambira pakolala mpaka pansi. "Ndikuona kuti simulinso kumeneko. Chabwino. Munationongera tsiku lonse."

Basi yawo inafika. Bambo Whitehouse analephera kukweza mwendo pa sitepe, ndiye ndinawagwira pachigongono mpaka analowa. Mayiwo anali atakhala kale pampando wa kutsogolo, matumba ali pamiyendo, masaya ofiira ngati a mtsikana.

"Mukuoneka athanzi nonse awiri," ndinatero.

"Ife sitidwaladwala," anayankha, ndipo chitseko chinatsekeka.